Ndasuta zaka 22, ndikasiya ndimabwerera tsiku lachitatu, nditani?

Funso ili latumizidwa ndi bambo wina wa ku Chinamwali, zaka 46, dalaivala wa minibasi ya Zomba-Limbe. Akuti anayamba kusuta ali ndi zaka 24, pano akumamaliza paketi ndi theka patsiku ndipo ndudu yoyamba amayatsa asanasukusule nkomwe. Wayesapo kusiya kangapo koma likamafika tsiku lachitatu mutu umawawa, tulo osabwera, amangokalipira kondakitala ndi ana kunyumba popanda chifukwa, mapeto ake amakagula imodzi kuti mtima ukhale pansi, basi zathera pompo. Ali ndi chifuwa chomwe chatha mwezi osapola. Akufunsa kuti, "Kodi pa msinkhu wangawu kusiya kuli ndi phindu kapena mapapo anatha kale? Nanga ndizichepetsa pang'onopang'ono kapena ndingosiyiratu?"

Achimwene, zikomo kwambiri polemba mosabisa. Ine ndimagwira ntchito ya zachipatala konkuno ku Zomba ndipo nkhani ngati yanuyi ndimakumana nayo pafupipafupi, koma ambiri amabwera zinthu zitafika kale poipa, nde mukalemba mudakali ndi mphamvu zoyendetsa galimoto ine mtima umasangalala.

Tisanafike pa fodyayo tiyambe ndi chifuwacho, chifukwa ndi chimene chandidetsa nkhawa nditangowerenga. Anthu osuta amazolowera kutsokomola mpaka amati ndi chifuwa cha fodya basi, koma chifuwa chilichonse chopitilira masabata awiri kuno kwathu timayenera kuyeza TB, ndipo munthu wosuta amadwala TB mosavuta kuposa wosasuta, pafupifupi kawiri. Inu mumakhala tsiku lonse mu minibasi yodzadza anthu, mawindo otseka kukamazizira, nde musazengereze. Pitani pa Matawale kapena ku Zomba Central mukapereke makhololo, ku chipatala cha boma kuyeza TB ndi mankhwala ake ndi zaulere. Muli komweko auzeni akuyezeni BP ndi shuga, komanso muwauze chilungamo kuti mumasuta ndudu 30 patsiku, osati zija zomati "ndimangosuta pang'ono". Ngati mukuona magazi m'makhololo, mukutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda, mukuonda osadziwa chifukwa, mawu asasa kwa nthawi yaitali, kapena pachifuwa pamathina mukamakwera chitunda, musadikire Lolemba, pitani mawa lomwe.

Tsopano funso loti kodi mwachedwa. Ayi simunachedwe, ndipo sindikunena izi pongofuna kukulimbitsani mtima. Ku Britain kunachitika kafukufuku wotchuka amene anatsatira madokotala aamuna osuta ndi osasuta kuyambira 1951 mpaka 2001, zaka 50 zathunthu, wotsogolera anali Richard Doll. Anapeza kuti osuta moyo wawo wonse amafa msanga ndi zaka pafupifupi 10 poyerekeza ndi osasuta, koma amene anasiya ali ndi zaka 40 anabweza zaka pafupifupi 9 mwa zimenezo, osiya pa 50 anabweza 6, olo osiya pa 60 anabwezabe zitatu. Inu muli pa 46, muli pakati pa 9 ndi 6 pamenepo. Zimenezo ndi zaka zoti muone ana anu akumaliza sukulu. Ndipo thupi silidikira zaka kuti liyambe kusintha. A WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amafotokoza kuti pakangotha mphindi 20 kuchokera pa ndudu yomaliza kugunda kwa mtima ndi BP zimayamba kutsika, pakatha maola 12 mpweya woipa wa carbon monoxide umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi umakhala wabwerera mwakale, pakati pa masabata awiri ndi 12 magazi amayenda bwino ndipo mapapo amayamba kukoka mpweya bwinoko, pakatha chaka chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi theka, pakatha zaka 10 cha khansa ya m'mapapo chimakhala pafupifupi theka la cha munthu amene akusutabe. Ndikuuzeninso mbali inayo, chifukwa sindikufuna kukunamizani: ngati timatumba ta mpweya ta m'mapapo tina tinaonongeka kale, timeneto sitimeranso. Koma kuonongekako kumasiya kuthamanga mukasiya kusuta, zotsalazo zimakusungani. Munthu wopitiliza ndi amene timadzamuona pa zaka 60 akulephera kuyenda kuchoka pa depoti kukafika ku msika osapumira kawiri.

Nkhani ya tsiku lachitatu ndi imene ndikufuna tiikhalire pansi bwinobwino chifukwa ndi pamene pagona vuto lanu lonse. Mukakoka utsi, nikotini, kemikolo ya mu fodya imene imabweretsa chibaba, amafika ku ubongo m'masekondi 10 mpaka 20, mwachangu kuposa piritsi lililonse lomwe mungameze. Ubongo umamva kukoma pang'ono, ndipo ndudu imodzi mumaikoka mwina ka 10, nde pa ndudu 30 ndi maulendo ngati 300 patsiku ubongo ukuphunzitsidwa chinthu chimodzimodzi, kwa zaka 22. Ubongowo unasintha kuti uzigwira ntchito nikotini alipo. Vuto ndi loti nikotini sakhalitsa, pakatha maola awiri theka lake limakhala lachoka m'magazi, usiku wonse mukagona amatsika kwambiri, ndi chifukwa chake m'mawa dzanja limapita ku paketi musanasukusule. Chimenechi kwa ife ndi chizindikiro chachikulu, munthu woyatsa pasanathe mphindi 30 atadzuka timadziwa kuti fodya anamulowerera kwambiri ndipo kusiya ndi mtima wokha kumamuvuta. Si kuti ndinu ofooka ayi.

Mwalemba kuti mumasuta kuti mtima ukhale pansi. Ndikumvetsa, ntchito yanu ndi ya sitiresi, tageti ya abwana, mafuta kusowa, apolisi a pamsewu, okwera okana kulipira yonse. Koma taonani bwino, kusakhazikika kumene ndudu imachotsa kuja, kwambiri kumakhala koti yabweretsa ndi nduduyo yomwe, nikotini akamatsika m'magazi. Fodya amachita ngati wakatapila, amakupatsa mpumulo wa lero pa ngongole yomwe anakukongoza yekha, mawa ngongole ija yakula. Anthu amene asiya nkupirira masabata angapo, kafukufuku amaonetsa kuti nkhawa zawo zimatsika kuposa nthawi yomwe ankasuta.

Ndiye mukasiya, chibaba ndi ukali zimayamba tsiku loyamba lomwelo, zimafika pachimake pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, sabata yoyamba yonse imakhala yowawa, kenako zimayamba kutsika ndipo kwa anthu ambiri pofika masabata atatu kapena anayi mutu, tulo ndi ukali zimakhala zakhazikika. Mukuona pamene mwakhala mukugwera? Nthawi zonse mumabwerera pa tsiku loipitsitsa, mutapirira kale gawo lowawa kwambiri, nkumaganiza kuti moyo wopanda fodya uzikhala choncho mpaka kalekale. Sukhala choncho. Tsiku la 10 silifanana ndi lachitatu olo pang'ono. Nde ntchito yathu ndi kukonza pulani yoti muoloke masiku amenewo, osati kungodzuka m'mawa wina nkulumbira.

Zochepetsa pang'onopang'ono ine sindizikonda kwenikweni, ndinene poyera. Munthu akatsika kuchoka pa 30 kufika pa 10 amayamba kukoka mwamphamvu, kusunga utsi nthawi yaitali, kusuta mpaka ku chitsa, thupi limadzipezera nikotini wake yemwe uja. Komanso ndudu iliyonse yotsalayo imasanduka yamtengo wapatali, tsiku lonse mumangoiganizira. Kenako kubwere maliro kapena galimoto ifere pa Namadzi, mwabwerera pa 30. Chinanso chomwe anthu sadziwa, kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2018 anaonetsa kuti munthu wosuta ndudu imodzi yokha patsiku amakhalabe ndi pafupifupi theka la chiopsezo choonjezera cha matenda a mtima ndi sitiroko cha munthu wosuta 20. Mtima ndi mitsempha sizifuna utsi wambiri kuti zionongeke. Ngati mukufuna kuchepetsa chepetsani pa masabata awiri okha pokonzekera, koma pakhale tsiku lodziwika loti kuyambira pamenepo ndi ziro, olo kukoka kamodzi.

Tsikulo musankhe mwanzeru, lisapitilire masabata awiri kuchokera lero chifukwa mukaliika kutali mtima umazizira. Poti ndinu dalaivala pali chinthu china chofunika: masiku oyambawo maganizo amabalalika ndipo tulo timakhala toperewera, si bwino tsiku lachiwiri ndi lachitatu likupezeni pa chiongolero muli ndi miyoyo ya anthu kumbuyo kwanu. Kambiranani ndi eni galimoto, mupeze wokugwirirani masiku awiri kapena atatu, mwachitsanzo ndudu yomaliza Lachisanu usiku, Loweruka mpaka Lolemba muli pakhomo. Ndikudziwa kuti tsiku losayenda ndi ndalama yotayika, koma tawerengani zomwe mumaotcha pa mwezi muona kuti masiku atatuwo abwerera msanga.

Masiku otsala musanafike pa tsikulo, chitani kanthu kena kooneka kachibwana koma kothandiza kwambiri. Ndudu iliyonse yomwe mwayatsa lembani mu foni kapena pa kapepala nthawi yake, muli pati, muli ndi ndani. Pakatha masiku atatu muona nokha kuti fodya wanu ali ndi malo ake. Ndikhoza kulosera ena: podzuka, mukamwa tiyi, pa depoti podikira kuti galimoto idzadze, mukatsitsa anthu ku Limbe, mukangomaliza nsima, ndi madzulo mukamawerengera ndalama ndi kondakitala. Podikira paja ndi pamene pali nkhondo yaikulu, ola lathunthu mwangokhala, oitanira akukuwa, anzanu atsamira galimoto akusuta, wina akukupatsirani yosiyiza osapempha nkomwe. Pamenepo simungapambane ndi kulimba mtima kokha, pakufunika musinthe chochita. Galimoto ikalowa pa mzere tsikani muchokepo, yendani mukafike ku msika nkubwerera, pukutani magalasi, onani oilo ndi matayala, kondakitala akuimbireni ikatsala pang'ono kudzadza. Masabata awiri oyamba musaime pagulu la osuta olo akusekeni.

Ndipo pali vuto lina lomwe malangizo ochokera kunja saliganizira. Kumeneko amati taya paketi basi, chifukwa kugula ina ndi ndalama zambiri. Kuno ndudu amagulitsa imodzi imodzi, pa okala iliyonse, pa benchi la maswiti ndi machesi, ndi tindalama tosintha tomwe dalaivala amakhala nato m'thumba tsiku lonse, mwinanso amakupatsani pa ngongole poti ndinu kasitomala wakale. "Imodzi yokha" ili pa mtunda wa masitepe asanu nthawi zonse. Nde pitani kwa amene mumagula kwa iwo, onse, wa ku Chinamwali, wa pa depoti, wa ku Limbe, lipirani ngongole ngati ilipo, muwauze pamaso pa anthu kuti ndasiya, ndikabwera kudzagula mundikanize. Ena aseka, ena akugulitsanibe, koma mukanena pagulu manyazi amakuthandizani pa nthawi yomwe nzeru zathawa. Ndalama zosintha asunge kondakitala. Usiku wa tsiku lomaliza chotsani zonse, machesi, laita, zitsa za mu ashitileyi, ija munabisa pamwamba pa chitseko, chapani jekete ndi makavala a mipando chifukwa fungo lokha limadzutsa chibaba.

Chibaba chikabwera dziwani kuti sichikhala tsiku lonse, chimakwera, chimafika pamwamba, pakatha mphindi zochepa, kawirikawiri zosapitilira 10, chimatsika chokha kaya mwasuta kaya simunasute. Ntchito yanu ndi kudutsa mphindi zimenezo basi, kenako zinanso zikabwera. Khalani ndi botolo la madzi pambali pa giya muzimwa pang'onopang'ono, kokani mpweya wambiri ndi mphuno nkuutulutsa pakamwa mosathamanga kangapo, pakamwa pakhale kanthu, mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, chingamu, kamtengo kotsukira mano, nzimbe ngati shuga wanu ali bwino. Imbirani munthu. Zikumveka zazing'ono eti, koma ndi zimene zimaolotsa anthu.

Mowa. Simunautchule koma ndikufunsani ndithu. Ngati mumamwa, mwezi woyamba usiyeni kaye, chifukwa anthu ambiri amene ndawaona atapirira bwinobwino masabata awiri anagwera pa botolo lachiwiri, Loweruka madzulo akuonera mpira. Mowa umafooketsa chiganizo chomwe munapanga, ndipo kumalo omwera aliyense ali ndi ndudu m'manja. Mpira mverani pa wailesi kunyumba kaye.

Tsopano za mankhwala, chifukwa munthu wa ndudu 30 woyatsa asanasukusule ndi amene mankhwala amamuthandiza kwambiri. Mu 2024 a WHO anatulutsa ndondomeko yawo yoyamba ya kathandizidwe ka akuluakulu ofuna kusiya fodya, ndipo anavomereza mitundu inayi: nikotini wa mankhwala, varenicline, bupropion ndi cytisine, makamaka zikaphatikizidwa ndi uphungu. Nikotini wa mankhwalayo amabwera ngati chomata pakhungu chokhala ngati pulasitala, kapena chingamu, kapena timaswiti tobwira. Anthu amadabwa kuti nanga ndisiye nikotini pomwa nikotini? Nkhani ndi yoti nikotini ndi amene amakumangani, koma zomwe zimapha kwambiri ndi za mu utsi, muli makemikolo opitilira 7,000 ndipo pafupifupi 70 mwa amenewo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Chomata chimakupatsani nikotini pang'onopang'ono popanda utsi, ukali ndi mutu zija zimachepa, inu nkumalimbana ndi chizolowezi chokha. Kwa wosuta kwambiri ngati inu timayambira pa cha 21 mg tsiku lililonse kwa masabata ngati 6, kenako 14 mg masabata awiri, kenako 7 mg masabata awiri. Mumamata m'mawa pakhungu louma lopanda cheya, pamkono kapena pachifuwa, nkumasintha malo tsiku ndi tsiku kuti pasayabwe. Chikamakulotetsani maloto achilendo chotsani pogona. Chingamu chilipo cha 2 mg ndi 4 mg, inu chanu ndi cha 4 mg, ndipo sachitafuna ngati chingamu wamba ayi, mumatafuna pang'ono mpaka mumve kuyabwa kapena kuwawa mkamwa, nkuchiika pakati pa tsaya ndi nkhama, kukoma kukatha mutafunenso, choncho kwa mphindi ngati 30. Mukachitafuna mothamanga mudzamva nseru ndi ntchirichiri nkumati mankhwalawa ndi oipa. Musamwe tiyi, khofi kapena zakumwa za gasi mphindi 15 musanatafune. Kuphatikiza chomata ndi chingamu kumathandiza kuposa chimodzi chokha. Funsani m'mafamase akuluakulu, ndipo poti mumafika ku Limbe tsiku lililonse mwayi wofunsa ku Blantyre muli nawo. Ngati mtengo wakukulirani, olo chingamu chokha cha masabata oyambirira ndi bwino kusiyana ndi kupanda kalikonse, ndipo ngati simupeza chilichonse musaimitse pulani, anthu ambirimbiri anasiya opanda mankhwala.

Mapiritsi a varenicline, bupropion ndi cytisine aja musagule mwa inu nokha, alembe ndi dokotala amene wakuonani. Varenicline amayambidwa sabata imodzi tsiku losiya lisanafike ndipo amamwedwa masabata 12, amagwira ntchito bwino kwambiri koma ena amawapatsa nseru, chizungulire kapena tulo, nde muwauze adokotala kuti ndinu dalaivala. Bupropion ndi woletsedwa kwa munthu wa khunyu kapena amene anakomokapo ndi kuphupha. Ndipo apa ndilankhulenso ndi ena amene akuwerenga: utsi wa fodya umapangitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mwachangu, nde munthu akasiya kusuta mankhwalawo amachuluka m'magazi. Izi zimachitika ndi mankhwala ena a matenda a maganizo monga olanzapine ndi clozapine, komanso theophylline ndi aminophylline a mphumu. Ngati mumalandira mankhwala ku Zomba Mental Hospital kapena kwina kulikonse, auzeni musanasiye kuti aone mlingo. Khofi ndi tiyi nazonso zimatero, kapu yomwe ija imakugundani kwambiri mukasiya fodya, mtima kuthamanga, tulo kusowa, inu nkumati ndi chibaba. Chepetsani ndi theka, ndipo madzulo musamwe.

Musathawire ku chingambwe poganiza kuti poti ndi wachilengedwe wa kumunda ndi wabwinoko, utsi ndi utsi, ndipo wopichira mu pepala alibe ndi sefa yomwe. Fodya wamphuno ndi woika mkamwa ali ndi nikotini yemweyo ndipo amabweretsa khansa ya mkamwa. Shisha ndi utsi womwewo wongodutsa m'madzi. Ma vape, ndudu zamagetsi zija achinyamata ayamba kunyamula, nikotini alimo ndipo ambiri amathera kugwiritsa zonse ziwiri, ine sindingakutumizeni kumeneko pomwe njira zoyesedwa bwino zilipo. Chamba nde ayi ndithu. Ogulitsa mankhwala a m'mabotolo oti amatsuka mapapo, sungani ndalama zanu, mapapo amadziyeretsa okha utsi ukasiya kulowa.

Kudziyeretsa kumeneko kumadabwitsa anthu, nde ndikuchenjezeretuni. Masabata oyamba ena amatsokomola kwambiri kuposa kale, makhololo akuda kutuluka, chifukwa timaubweya ting'onoting'ono ta mu njira ya mpweya tomwe utsi unatifooketsa tayambanso kusesa. Ena amadzimbidwa, ena zilonda mkamwa, ena maloto osuta mpaka kudzuka ndi mantha. Zonsezi zimatha. Njala nde imabwera ndithu, chakudya chimayamba kukoma, fungo la ndiwo mumalimva muli panja, ndipo anthu ambiri amanenepa makilo 4 kapena 5 m'chaka choyamba. Musaope zimenezo koma samalani ndi tchipisi cha pa chiwaya, mandasi ndi zakumwa za shuga pa siteji iliyonse, makamaka poti ntchito yanu ndi yokhala pansi. Zipatso ku Zomba sizisowa, nthochi, magwafa, mapeyala, malalanje, zija za ku phiri nyengo yake ikafika. Tsiku lopuma yendani wapansi, yambani ndi mtunda waufupi, pakatha miyezi iwiri yesani msewu wokwera ku Chawe muone pomwe mungafike osapumira, mudzasiyanitsa nokha. Koma ngati mtima wagwa kwambiri, kukhumudwa kosatha masabata awiri, kusafuna kudzuka, kapena maganizo oti bola kufa, bwerani ku chipatala msanga, chimenecho timachithandiza ndipo si chamanyazi.

Kunyumba akhazikeni pansi amayi ndi ana tsiku lisanafike. Auzeni kuti sabata ikubwerayi ndikhala wovuta, ndikakalipa si inu, ndipatseni mpata ndituluke panja. Amayi muwapemphe chinthu chimodzi, asakhale wapolisi wonunkhiza malaya, chifukwa munthu wolonderedwa amayamba kusutira kuseri ndipo akagwa sanena. Akhale munthu woti mutha kumuuza kuti lero zandivuta. Ndipo anawo apindula kuyambira tsiku loyamba, utsi wa m'nyumba umawabweretsera chibayo, mphumu ndi matenda a m'makutu, olo muzisutira pakhonde umalowabe ndipo umatsalira m'zovala. Palinso nkhani ina yomwe abambo safunsa pagulu koma amandifunsa chitseko chikatsekedwa: inde, fodya amachepetsa mphamvu za kuchipinda chifukwa amaononga mitsempha ya magazi, ndipo ambiri amaona kusintha akasiya.

Anzanu pa depoti adzakuuzani za agogo awo amene anasuta chingambwe mpaka zaka 90. Alipo ndithu otero, koma a WHO amati fodya amapha mpaka theka la anthu amene amamusuta osasiya, ndipo theka limenelo silikhala pa depoti kuti lifotokoze mbali yake. Ena adzati dziko lino limadya fodya yemweyo. Zoona, burley wathu amagulitsidwa ku okushoni ku Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu ndipo amabweretsa ndalama zakunja, ine sindinyoza mlimi, ambiri tinaphunzira ndi ndalama za fodya. Koma wambiri amapita kunja, ndipo boma lomwelo mu 2023 linalowa nawo m'pangano la WHO lochepetsa kusuta. Kusiya kwanu sikulanda mlimi chakudya.

Ndalama ziwerengeni nokha. Ndudu 30 patsiku ndi 900 pa mwezi, 10,950 pa chaka, chulukitsani ndi mtengo womwe mumagulira imodzi. Ndalama imeneyo musaisiye m'thumba chifukwa isowa osadziwa komwe yapita, madzulo alionse itumizeni ku Mpamba kapena Airtel Money ya amayi, kapena ilowe ku banki mkhonde, ikhale ndi dzina, fizi ya mwana kapena malata. Tsiku lomwe chibaba chavuta muzitsegula foni nkuona pomwe yafika.

Nanga mukagwa? Ndikufuna musagwe, lamulo likhale loti olo kukoka kamodzi ayi, chifukwa ubongo wa munthu amene anasuta zaka 22 sumaiwala, ndudu imodzi pa ukwati pakatha miyezi 8 imatha kubweza zonse m'sabata imodzi. Koma zikachitika musachite zomwe mwakhala mukuchita, zoti poti ndasuta imodzi basi ndalephera ndikagule paketi. Tayani yotsalayo pompo, chomata musachotse, uzani amayi tsiku lomwelo, ndipo dzifunseni kuti zachitikira pati, ndinali ndi ndani, ndinali nditamwa kapena ndinali ndi njala, nkutseka mpata umenewo. Anthu ambiri amene anasiyiratu anayesapo kangapo asanapambane, nde maulendo anu akale aja akuphunzitsani kale kuti mdani wanu ndi tsiku lachitatu ndi ndudu yogula imodzi.

Sabata ino kaperekeni makhololo ndipo muyezetse BP ndi shuga, mufunse za chomata ndi chingamu ku Limbe, mukambirane ndi eni galimoto za masiku atatu aja. Zotsatira za chifuwa zikatuluka mundilemberenso, mundiuze ndi tsiku lomwe mwasankha komanso mankhwala ena alionse omwe mukumwa, kuti tione ngati pali china chofunika kusintha musanayambe.